Ng'ombe Yakufa ku Luembe

Nchito imeneyi ndinaipeza chifukwa cha foni, osati nzelu zanga ayi. A Mwanza, dokotala wa ziweto wopuma pa nchito amene ali ndi shopu ya mankhwala ku Petauke, ankafuna munthu woyenda m'midzi pa njinga yamoto, poti iwo mawondo anali atawakana. Tinabwela anayi, koma ine ndekha ndinali ndi foni yojambula bwino. Anati ine ndikhale miyendo, mutu akhala iwo.

Anandipatsa chikwama muli jekeseni yachitsulo, manyeleti obayila, temometa, magolovesi, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa. Ndikafika pa khola ndinkayeza kutentha, kujambula maso, nkhama ndi ndowe, n'kutumiza. A Mwanza akaona ankanena mankhwala ndi mlingo wake, ine n'kubaya. Zinkayenda, ndisaname. Ng'ombe zambili zinadzuka, anthu anayamba kunditcha adokotala, ine osakana. Koma ndinazolowela moipa. Pakamwa panga panaleka kugamula kanthu, ngakhale nkhuku ya chitopa ndinkati tidikile foni.

Vuto la ku Luembe, limodzi mwa madela amene ndimayendako, ndi netiweki. Umakwela pachulu, dzanja m'mwamba ngati ukulumbila kukhoti, kuti mwina kamzele kamodzi kaoneke.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiimitsa a Daka, mlimi amene ndinkadya kwawo ndikakhala kumeneko. Ng'ombe yawo yapagoli inali itafa m'mawa, chonsecho dzulo lake inkadya bwinobwino. Ndinaipeza itatupa, magazi akuda akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, osaundana. A Mwanza anandiuzapo za matenda otele, antalakisi, amene amapha ndi anthu omwe, koma ndinali ndisanawaonepo ndi maso anga. Pamenepo n'kuti azimai atabwela kale ndi mabeseni, amuna akunola mipeni. Kwathu kuno ng'ombe ikafa siitayidwa, imagawidwa mudzi wonse.

A Daka anandifunsa kuti, "Nanga adokotala, tisende?"

Ndikanangoti ayi, basi. Koma ndinaopa kukwililitsa ng'ombe yathunthu ya munthu wosauka pa zongoganizila, kenako a Mwanza n'kudzati inalibe vuto, ine n'kusanduka choseketsa. Ndinajambula, ndinatumiza, n'kuwauza kuti adikile foni iyankhe. Chithunzi chija chinangokhala chikuzungulila. Ndinakwela chulu, palibe. Ndinakwela china, palibe, batile nayo ikutha. Ndinati ndikafune netiweki kumtunda, ndibwela msanga.

Ndinakaipeza paphili lina patali, nditayenda ola ndi theka. Chithunzi chitangopita, foni inalila.

"Asaikhudze. Asasende, asadye, ikwililidwe mozama pomwepo," anatelo a Mwanza. "Wawauza kale, eti?"

Ndinayamba kufotokoza za netiweki. Iwo anazindikila kuti sindinawaletse, anangondiuza kuti ndithamange. Ndinayesa kuimbila a Daka, koma ndikanawapeza bwanji poti ndinawasiya kopanda netiweki?

Ndinafika dzuwa litapendeka. Chikopa chinali chitakhomedwa kale pansi, khomo lililonse kununkhila nyama. A Daka anali ndi magazi mpaka m'zigongono. Anati anadikila ndithu, koma ndi dzuwa lija nyama ikanawola. Kenako anawonjezela mofatsa kuti, "Komanso inu simunatiletse." Zinali zoona, ndipo mpaka lelo zimandiwawa.

Ndinayenda khomo ndi khomo kuwachondelela kuti ataye. Ena anataya, ena anabisa kuchipinda. Amai ena anandilalatila kuti ndikufuna ndisonkhanitse nyamayo ndikagulitse kumsika ku Nyimba. Ndinangopitilila ku khomo lina.

Patapita masiku ochepa, amene anasenda aja anatuluka zilonda zakuda m'manja. Ambili anachila atalandila mankhwala kuchipatala. A Daka anali atadya ndi chiwindi chomwe, poti ng'ombe inali yawo. Iwo zinawalowa m'mimba. Anawanyamula pa ngolo mochedwa, ndipo sanabwelele amoyo.

Pamalilo akazi awo anandipatsa mpando, n'kunditchabe adokotala pamaso pa anthu. Bola akanandinyoza. A Mwanza sanandichotse nchito kapena kundikalipila, anangondifunsa kuti foni ikanatayika m'njila ndikanatani.

Nchitoyi ndikuigwilabe, ndipo foni ndimayenda nayo. Imandithandiza pa milingo ya mankhwala, ndi pa matenda amene angathe kudikila mpaka madzulo. Koma ndikapeza ng'ombe yakufa mwadzidzidzi, magazi ali m'mphuno, foni imakhala m'thumba. Ndimaletsa ndi pakamwa panga, ndimakhala pomwepo mpaka dzenje likumbidwe, kujambula kumabwela pambuyo. Ndakwililitsa kale ng'ombe ziwili zimene mwina zinalibe kanthu, ndipo eni ake sandipatsa moni mpaka lelo. Palibe kanthu. Ndikamadutsa ndimawaona ali m'munda, akulima.