Mchira wa Nkhosa Yanga

Manja anga sadziwa kukhala chete. Kuluka ndinaphunzira ndili mtsikana ku Kasisi, kwa asisitere ena amene ankati mkazi wopinda manja sachedwa kuyamba miseche. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuluka paliponse: pamaliro, pamzere wa kuchigayo, m'minibasi ya ku Lusaka zaka zonse zimene ndinkagwira ntchito m'boma. Kuno ku Chalimbana anthu amandidziwira singano ziwiri zosuzumira m'chikwama, ndipo wokhala nane pampando amayamba wateteza diso lake.

Singano zomwezo zinandichititsa manyazi. Mwana wanga wamwamuna atakwatira anamanga kanyumba kuseri kwa nyumba yathu, papuloti pomwepo. Mpongozi wanga ndi mwana wa kumudzi konkuno, wofatsa, wogwada popereka madzi, koma wanthabwala akakuzolowera. Nditaona kuti wayamba kuthawa fungo la kapenta, sindinadikire kuti akuluakulu akwawo abwere kudzatiuza mwamwambo. Ndinagula wulu wachikasu n'kuyamba kajuzi, kachipewa ndi timasokosi, ndipo aliyense m'basi ndinamuonetsa, mpaka kondakitala. Mwezi wachisanu mtsikanayo anapita padera.

Palibe anandiloza chala. Kungoti tsiku lina tikusesa kutchalitchi, mayi wina ananena akuyang'ana tsache lake kuti anthu ena amagula mbereko mwana asanabadwe. Ine kusukulu ndinapitako, ndikudziwa kuti wulu sapha mwana, ndipo anamwino anatiuza kuti zoterezi zimachitika popanda wolakwa. Komabe mtima sunamve zimenezo. Kajuzi kaja ndinakamasula ndikulira. Mpongozi wanga anapitiriza kugwada ndi kundipatsa moni m'mawa uliwonse, koma kuseka nane analeka, ndipo zimenezo zinandiwawa kwambiri.

Patapita zaka ziwiri, kapenta anayambanso kumuthamangitsa m'khitchini. Ndinalumbira kuti ulendo uno pakamwa nditseka, manja ndimanga. Pakamwa panamvera ndithu, koma manja anakana. Ndinayesa kuwanyenga ndi nsalu zoyala pamipando, ndinaluka mpaka wailesi inavala, ketulo inavala, amuna anga n'kuyamba kuopa kuwodzera pabalaza. Kenako ndinayamba kudziweruza ndekha ngati loya. Mwambo ukuletsa zovala za mwana ndi mbereko. Za nkhosa sunanenepo kanthu. Ndikaluka kankhosa, ndani angati ndakonzera munthu? N'chidole chabe, ndipo ndi changa.

Ndinagula wulu woyera. Ndinkalukira kuseri kwa khola la nkhuku masana, anthu akapumula, ndipo ndikamaliza ndinkabisa ntchito yanga m'thumba la mtedza m'kachipinda kosungiramo zakudya. Thupi ndinaliluka ndi timfundo kuti ubweya uoneke wopotana, m'mimba ndinaikamo thonje la mupilo wakale. Miyendo inandivuta, umodzi unatalika, koma ndinaukankhira m'kati. Maso okha sindinaike. Ndinkati chinthu chopanda maso sichinathe, ndipo chosatha si mphatso.

Amuna anga amaweta mbuzi kumunda kwathu ku Kanakantapa, ndipo amabwera kunyumba Lachisanu. Lachisanu lina anafika msanga n'kundipeza kuseri kuja ndikusokerera mchira.

"Nanga ichi ni chani, amake ana?" anafunsa.

"Ni nkhosa."

Anaitenga, kuitembenuza uku ndi uku ngati akufuna kugula. "Iyi ni mbuzi."

"Mbuzi ya ubweya so munaiona kuti imwe?"

"Za ubweya siniziba. Koma muchila wa nkhosa umagona pansi. Uyu waimilila monga wa mbuzi yanga ija yakuba chimanga."

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ankanena zoona. Ine ndinakulira pamishoni, kenako m'maofesi. Nkhosa imene ndinkaidziwa bwino ndi ya pachithunzi cha kutchalitchi, ili pamapewa a Mbusa Wabwino, ndipo kumbuyo kwake sikuoneka. Mchira ndinangotengera wa ziweto zimene zimandidyera masamba tsiku ndi tsiku.

"Manje ni ya ndani?" anafunsanso.

"Ni yanga."

"Pa msinkhu uyu?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya chidolecho yopanda maso, anayang'ana kukanyumba ka ana athu. Anandibwezera ndi manja awiri. Pochoka anangoti mbuzi nayo ndi chiweto chabwino. Chifukwa cha mawu amenewo ndinatsimikiza kuti mchirawo sindiusintha, ngakhale abwere ndi abusa onse a m'Chongwe.

Chimene ndinaiwala n'chakuti wosinja nsinjiro pakhomo pano si ine. Lolemba lotsatira ndinapisa dzanja m'thumba la mtedza, kutulutsa nkhosa yanga, ndipo mchira unali utagona pansi. Wina anaumasula bwinobwino n'kuusokanso ndi ulusi wabuluu, timisoko ting'onoting'ono tolingana. Amuna anga ulusi pasingano salowetsa, mwana wanga ngakhale batani limamugonjetsa. Ulusi wabuluuwo ndinkaudziwa, unali wa m'mphepete mwa chitenje cha mpongozi wanga.

Ndinaima m'kachipindamo nthawi yaitali ndikuganiza kuti ndabwerezanso, ndipo ulendo uno mwanayu sadzandikhululukira. Potsiriza ndinatuluka, chidole chili m'manja, poti kubisa kunalibenso ntchito. Ndinamupeza atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atatambalala, akusenda mtedza womwewo. Anafuna kudzuka kuti agwade, ine ndinamuletsa n'kukhala pambali pake. Tinayamba kusenda limodzi.

"Amayi," anatero kenako, maso ali m'lichero, "kwathu tinali nazo nkhosa."

"Naona," ndinayankha.

"Ninamvela zamene adadi anakamba kuja ku khola, sananame. Inali mbuzi."

Anayesa kudzigwira, koma mapewa anamuulula. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, kuseka kumene ndinali ndisanakumve zaka ziwiri. Ine ndinaseka nawo, misozi ili mbwembwembwe, osadziwa kuti ndi ya chiyani. Atapuma anatenga nkhosa ija, kuisisita pamutu, n'kundibwezera.

"Muibweze mu saka mwamene muja. Maso musaike. Nizaika neka."

Za mimba sitinatchule, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira. Nkhosa inagona mumtedza miyezi inanso itatu, ndipo aliyense wokatapa ankaisuntha mwaulemu n'kuibwezera. Ndinkaopabe. Usiku ndi usana ndinkapemphera, koma mantha aja tsopano tinali kusenza awiri.

Mwana anabadwa nthawi yozizira, wamkazi, wa mawu ngati agogo ake aamuna. Mchombo utagwa ndipo atatuluka m'chikuta, mpongozi wanga anandiitanitsa, nati ndibwere ndi nkhosa ndi kachidutswa ka wulu wakuda. Anandipatsa mwana kuti ndinyamule, iye n'kuyamba kusoka maso. Munthu wosagona mokwanira dzanja limanjenjemera: diso lina linakwera pamwamba, lina linatsikira kutsaya, moti nkhosa yanga inkaoneka ngati ikukayikira zonse zimene ikuuzidwa. Inkanunkhanso mtedza.

Amuna anga, ali pakhomo, anatsegula pakamwa kuti anenepo, koma ndinawayang'ana kamodzi, iwo n'kutseka. Zala zanga nazo zinayamba kuyabwa. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa kumasula diso limodzi n'kulikweza. Mpongozi wanga anaona, poti amandidziwa, ndipo ananditambasulira singano akumwetulira.

"Mukonze, Amayi."

Ndinayang'ana singanoyo, ndinayang'ana kamunthu kamene kanali katagwira chala changa.

"Isiyeni so," ndinatero. "Manja yanga yali na nchito."