Mchenga Wouma wa a Fanuelo

A Fanuelo Namakhwa amawotcherera zitsulo pa doko la Kachulu, m'chisakasa cha malata asanu chimene chinayang'ana msewu wopita ku Zomba. Khutu lawo lakumanzere silimva, ndipo patsaya la mbali yomweyo pali chipsera chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, bambo awo analima mpunga ku sikimu ya Likangala mpaka tsiku la imfa yawo, koma iwo khasu analikana akadali mnyamata, nakaphunzira ntchito kwa mmisiri wina wokonza mapaipi a mapampu othirira.

Chipseracho anachitengera komweko. Paipi yachitsulo ikapindidwa ilibe kanthu m'kati, pokhota pake pamaphwatalala n'kuchita makwinya. N'chifukwa chake amisiri amaidzaza mchenga, n'kutseka mbali zonse ziwiri ndi zikuni zosema, kenako n'kuiwotcha mpaka ifiire. Mchengawo ndi umene umachirikiza chitsulo kuchokera m'kati. Tsiku lina, pofuna kuweruka msanga, a Fanuelo anathira mchenga wa mumtsinje umene unali usanaumitsitse. Chinyezi chinasanduka nthunzi, nthunziyo inasowa potulukira, ndipo chikuni chinafwamphuka ngati chipolopolo n'kuwamenya patsaya, mchenga wamoto ukutsatira pambuyo. Papita zaka makumi anayi. Chichokereni tsikulo sanapindepo paipi ndi mchenga umene sanaukazinge okha, ndiponso sanawotchererepo paipi yophwatalala pa galimoto ya munthu, kupatula kamodzi kokha.

Kamodziko kanachitika m'mwezi wa Febuluwale, pa galimoto ya mayi Zuwena. Mayiwa amapikula makumba ndi milamba yaiwisi padokopo n'kukagulitsa ku Zomba, ndipo pikapu yawo ya dizilo amayendetsa ndi mlongo wawo wamng'ono, Saidi, bambo wa ana atatu wodziwika ndi pakamwa. Injini ya pikapuyo ili ndi tebo, kachipangizo kokhala ndi timapiko mbali ziwiri. Utsi wotuluka mu injini umazunguza timapiko ta mbali imodzi, pamene ta mbali inayo timakankhira mpweya wochuluka mu injinimo, ndipo mphamvu imachuluka molingana ndi mpweyawo. Koma utsi umazunguza timapikoto mwaliwiro pokhapokha ngati kutsogolo kwake, mu paipi ya ekizozi, njira ili yotakasuka.

Mvula itakumba msewu, pikapuyo inagunda pansi ndipo paipi ya ekizozi inang'ambika pokhota penipeni, pafupi ndi tebo. Saidi anagula ina yopindapinda kale ku galaja ina m'tauni. A Fanuelo ataitembenuza anaona kuti pokhota pake panali ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, ndipo anaikana. Koma nsomba zinali kale m'madengu, dzuwa linali likukwera, mayi Zuwena anachonderera atagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo likuloza kumwamba. A Fanuelo anagonja, naiwotcherera.

Galimotoyo sinachirenso. Inkatulutsa utsi wakuda, inkatentha, ndipo pa chitunda chimene kale inkakwera ndi giya yachitatu inkakwawa ndi yoyamba, anthu apanjinga akuipitirira. Kawiri konse nsomba zinafika pamsika maso atayera. Makaniko wa m'tauni anagamula kuti moto wa wowotcherera wakumudzi wapha tebo, ndipo mawu amenewa anakwera minibasi n'kufika pa Kachulu pikapuyo isanabwerere. M'masabata atatu otsatira, palibe dalaivala ngakhale mmodzi amene anaimika galimoto pachisakasa paja. Meshack, woyendetsa minibasi amene kale ankabwera ndi chilichonse chothyoka, anayamba kuliza hutala podutsa n'kukuwa kuti, “A Kupha Tebo, mwadzuka bwanji?” Akazi awo a Fanuelo, mayi Agnesi, amene amawamba milamba kuseri kwa chisakasacho, anamva dzinalo kumjigo, nabwerera ndi ndowa yosadzaza.

Lachiwiri lina m'mawa pikapu ija inaima pakhomo. Mayi Zuwena anatsika osapereka moni wautali.

“A Namakhwa, teboyo muichotse. Mulumikize paipi molunjika, iziyenda mmene ingathere. Munaipha ndinu, muiikenso m'manda ndinu.”

A Fanuelo anatembenuza mutu kuti khutu lakumanja liyang'ane kwa iwo. “Mwati ndichotse chiyani, mayi?”

“Mwamva. Kugontha kwanuko kumasankha nkhani.”

“Sindichotsa.”

“Madala,” anatero Saidi, atatsamira chitseko, “amene ananena zimenezi ali ndi satifiketi pakhoma. Inu pakhoma panu pali chiyani? Ndi khoma lomwe mulibe.”

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, chifukwa padoko mkangano umaitana anthu kuposa bwato lodzaza. A Fanuelo analowa pansi pa galimotoyo, namasula paipi ija, naitulutsa. Kenako anapempha mayi wina wogulitsa zipatso kuti awabwereke ndimu laling'ono. Analiponya kukamwa kwa paipi ataiimika. Linagubuduka pang'ono n'kuima. Anaigwedeza, naigogoda ndi hamala, ndimulo silinatuluke.

“Mwaona?” anatero. “Apa m'pamene utsi wanu umatsamwa. Inu a mpunga, ndiuzeni: ngalande ikaphwa pokhota, madzi amapita kuti?”

“Amabwerera m'munda wa amene ali kumtunda,” anayankha bambo wina wa ku sikimu.

“Ndiye amene ali kumtunda kuno ndi tebo. Utsi ukubwerera, ukuiunjikira, ikulephera kuzungulira. Siinafe ayi. Mlandu wanga ulipo, sindiukana: ndinaona paipi yoipa, ndinaiika chifukwa munandichonderera. Umenewo ndiye ndikonze lero. Koma kudula chinthu chamoyo kuti ndisangalatse munthu wa satifiketi, mukapeze wina.”

Mayi Zuwena anayang'ana ndimu losaonekalo, nayang'ananso dzuwa. Maboti a masana amakocheza cha m'ma thu koloko. “Ikafika nthawi ya maboti musanamalize, ndikaikokera ku tauni, ndipo dzina lija mudzafa nalo.”

Paipi yowongoka ya mulingo woyenera a Fanuelo anali nayo, yotsala pa ntchito ya pampu. Chimene analibe ndi mchenga, popeza m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi matope okhaokha. Saidi anabwereka njinga yamoto n'kuthamangira kumtsinje wa Likangala, ndipo anabwerako ndi theka la thumba. Pofuna kupulumutsa nthawi, anakhoma chikuni mbali imodzi ya paipi nayamba kuthira yekha a Fanuelo ali kuseri kokoleza makala. Atabwera, a Fanuelo anatapa mchengawo, naufinya m'dzanja, natambasula. Unatsala uli chibulumwa, mizere ya zala ikuoneka.

Anainyamula paipiyo n'kuikhuthula pansi yonse.

“Madala, mwapenga? Mchenga umenewu ndi wouma, ndatapa pamwamba!”

“Che Saidi, bwerani kuno. Yandikirani.” Anamugwira dzanja naliika patsaya pawo. “Umene unandichita ichi unalinso wapamwamba. Inu muli ndi makutu awiri, koma simugwiritsa ntchito ngakhale limodzi, ndiye mwina simungadandaule. Ine langa latsala limodzi.”

Anapempha akazi awo kuti aphule milamba pa uvuni. Mayi Agnesi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaphula, nabweretsanso sefa yawo ya ufa. A Fanuelo anaika chivundikiro cha mgolo pamotopo, nasefa mchenga, nayamba kuukazinga pang'onopang'ono ndi fosholo. Padoko panagwa phwete. Wina anafunsa ngati athiramo mchere. Wina anati njala ya chaka chino yafika poipa ngati amisiri ayamba kukazinga dothi. Meshack anaimika minibasi yake dala, anthu ali momwemo.

“A Kupha Tebo, zikapsa mutigawireko!”

“Mubwere ndi mbale,” anayankha osatukula mutu.

Chigawo chilichonse chikatentha, ankatenga galasi lakale la galimoto n'kuliyandikiza pamwamba pa mchengawo. Likachita nkhungu, ankapitiriza kutakasa. Chigawo chachitatu chili pamoto kunagwa mvula yowaza, ndipo anavula shati n'kuphimba mchenga wokazinga kale, iwo n'kunyowa. Maboti anakocheza. Mayi Zuwena anaimirira patali akuona anzawo akupikula makumba onse n'kukweza m'maminibasi. Kenako anabwera, nkhope ili gwa.

“Nthawi yakwana, a Namakhwa.”

“Yakwana ya maboti. Ya mchenga sinakwane.”

“Ndinanena kuti ndikoka galimoto.”

“Kokani. Ekizozi yake ili apa, ndimu lili momwemo. Koma pachisakasa pano sipatulukanso ntchito yothamangitsidwa, ngakhale mutabwera ndi amfumu.”

Anayang'anizana. Mayiwo anatsonya, nafunyulula chitenje n'kuchimanganso mwamphamvu, kenako anakhala pa thayala lakale. “Ndikhala pompano ndione mapeto a misala imeneyi.”

Kudzaza kokha kunatenga ola lathunthu. Ankathira pang'ono, n'kugogoda paipi ndi hamala kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mpaka kulira kwa chitsulo kutasintha, kusiya kunena ngwee n'kuyamba kunena thi. Atakhoma chikuni chachiwiri, analemba ndi choko malo oyenera kupinda, nawaika pamakala, mayi Agnesi akupukusa chopemerera moto. Chitsulo chitafiira ngati phwetekere, anachikoleka pa gudumu lachitsulo la lole limene analizika pansi zaka zambiri zapitazo, nayamba kukoka. Sankakoka kamodzi. Ankakoka pang'ono, n'kubweza pamoto, n'kusuntha chikhatho chimodzi, n'kukokanso, kuti kukhotako kukhale kotambalala ngati uta. Saidi, amene anayamba n'kuonerera manja ali m'thumba, anapezeka atagwira mbali inayo popanda womupempha.

Dzuwa litapendeka, paipi inazizira. Anachotsa zikuni, nakhuthula mchenga, natsukamo ndi nsanza yomangirira ku waya kuti kasatsale kamchenga. Anabwerekanso ndimu lina lofanana ndi loyamba lija, nalipereka kwa mayi Zuwena.

“Ponyani nokha, mungadzati ndachita matsenga.”

Analiponya. Linagubuduka, linakhota, n'kugwera pamapazi a Saidi. Amene anatsala padokopo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina.

“Ndimu si galimoto,” anatero mayi Zuwena. “Tionera pachitunda.”

Madzulo omwewo a Fanuelo anaiwotcherera paipiyo pagalimoto. M'mawa mwake anavala malaya a kutchalitchi nakwera kutsogolo, pakati pa Saidi ndi mlongo wake, kumbuyo kuli madengu asanu ndi atatu a makumba a m'maboti a m'mawa. Ku Zomba analibe chokachita. Ankafuna kumva okha. Atangodutsa minda ya mpunga, Saidi anaponda mafuta, ndipo pansi pa boneti panamveka kamluzu ka tebo kopyapyala, kokwera pang'onopang'ono, kamene kanali katasowa kwa masabata atatu. A Fanuelo anaweramitsa mutu, khutu lakumanja lili pafupi ndi giya.

“Imeneyo ndi maliro amene mumati ndiike m'manda?”

Saidi anayang'ana pagalasi: utsi wakuda kunalibe. Atafika pachitunda chija dzanja lake linapita lokha ku giya yoyamba, monga linazolowera, koma a Fanuelo analimenya.

“Isiyeni pa fili.”

Inakwera. Pakati pa chitundacho anapeza minibasi ya Meshack ikubuula ndi katundu, ndipo anaipitirira ngati yaima. Mayi Zuwena anatsitsa galasi n'kutulutsa mutu.

“Meshack! Moni akupereka a Kupha Tebo!”

Nkhaniyo inabwerera padoko pa minibasi yomweyo imene inabweretsa bodza lija. Mayi Zuwena sanapepese, ndipo a Fanuelo sanayembekezere kupepesedwa. Madzulo ake kunangofika mlamba waukulu kwa mayi Agnesi, wopanda uthenga. Paipi yophwatalala ija a Fanuelo anaipachika ndi waya kutsogolo kwa chisakasa, ndimu lili momwemo mpaka linauma.

Patapita masiku anayi, Meshack anaimika minibasi pakhomopo, hutala osaliza. Anatsika atanyamula paipi yatsopano, yopakidwa utoto wonyezimira, yogula m'tauni.

“Bambo Namakhwa, mwaswera bwanji? Tangondigwirizirani aka msangamsanga, anthu akudikira m'galimoto.”

A Fanuelo anailandira, naitembenuza, nayendetsa chala pokhota pake. Anatenga ndimu m'thumba la ovolosi, naliponyamo. Silinatuluke. Anamubwezera paipiyo, natola thumba lopanda kanthu n'kumupatsa.

“Anthuwo atsike, akwere ina. Inu pitani ku Likangala. Mukabwerako mudzapeza fosholo ili apo. Lero wokazinga ndinu.”