Nyimbo ya Achimwene Imene Ndinafufuta

Achimwene anga ankayendetsa takisi pa bwalo la ndege la Chileka. Mkazi amene ankafuna kumukwatira anamuperekeza okha pabwalopo, n'kumunyamulira chikwama, ati akupita ku Joni kukagwira ntchito kuti adzathandizane za ukwati. Chinkhoswe chinali chitachitika kale. Patangotha miyezi inayi tinaona zithunzi pa foni: mkazi uja ali m'diresi loyera, pambali pake mwamuna wina.

Achimwene sanalire, sanatukwane. Anangoika memori khadi mu wailesi ya galimoto n'kuyamba kumvera nyimbo imodzi. Woimba wake ankadandaula kuti wasiyidwa, ndiye amuthirire mowa mpaka aiwale ndi dzina lake lomwe. Ndinadana nayo nyimbo imeneyo. Achimwene, munthu amene ankaimba besi mu kwaya ya kutchalitchi kwathu, anayamba kuchita zimene nyimboyo inkanena. Mwini galimoto atawalanda makiyi, anabwerera kumudzi ku Lirangwe ndi kawailesi kam'manja, n'kumamwa kachasu dzuwa lili paliwombo. Milomo inafiira, mapazi anayamba kutupa. Ine ndinkaona kuti tiwaika m'manda chimanga chisanache.

"Nyimboyi ndiyo ikundiphera mwana," anatero amayi. Ndinavomereza msanga, poti nanenso ndinkasowa woti ndimuimbe mlandu.

Tsiku la msika ndinasolola khadi ija m'kawailesi achimwene ali m'tulo, n'kupita nayo kwa bambo wina wolowetsa nyimbo pa kompyuta. Ndinamuuza kuti afufute zonse, aikemo za kwaya zokhazokha. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati dokotala.

M'mawa mwake anandipeza kumunda ndikupalira, kawailesi kali m'manja.

"Achemwali, mwachita zimenezi ndinu?"

"Eya, ndine. Mukufuna kufera mkazi amene akudya bwino ku Joni? Manyazi mulibe?"

Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Iwo anangokhala pansi pa mzere.

"Aliyense akungoti limbani mtima, ndinu mwamuna. Abusa, amalume, inuyo. Woimba uja yekha ndi amene amandilirira. Nanga pano andilirire ndani?"

Manyazi anandigwira ine. Miyezi yonse ija ndinkangowanunkhiza m'kamwa, koma sindinawafunsepo kuti mumtima mukuwawa bwanji. Ndege inadutsa kulowera ku Chileka. Anaitsatira ndi maso, kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Analira mokweza ngati pamaliro, moti mayi wina wa munda woyandikana nafe anaimika khasu n'kufunsa kuti watisiya ndani. Ndinamuuza ndi dzanja kuti apitirize ntchito, ine n'kukhala pansi pafupi ndi achimwene.

Sindinama kuti mowa anasiya tsiku lomwelo. Zinatenga zaka ziwiri, ndi kugona m'chipatala komwe. Koma pa msika wotsatira ndinabwerera kwa bambo wa kompyuta uja kuti andiikirenso nyimbo ija. Anandiseka, ati akazi inu simudziwa chimene mukufuna.

Madzulo ake ndinakhala ndi achimwene pakhonde n'kuimvera limodzi, koyamba kuimva mpaka kumapeto. Woimbayo, pajatu, sankatamanda mowa ayi, ankalira basi. Itatha, achimwene anatambasula dzanja kuti aibwereze. Ndinawagwira mkono.

"Uyu walira zake, zakwana. Tsopano nenani zanu, achimwene, ndikumva."