Mendulo ya Uchembere

Apongozi anga anabereka ana asanu ndi anayi, ndipo sungakhale nawo mphindi zisanu asanakuuze zimenezo. Ine panthawiyo ndinali ndi kamodzi kokha, kamtsikana ka zaka ziwiri, ndi kalata m'chikwama yondiitana kukoleji ku Lilongwe kuti ndikawonjezere maphunziro a uphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, ku Mchinji kuno ndinabwera ndi ntchito n'kupezako banja. Amuna anga amayendetsa thiraki, lero ali ku Chipata, mkuja ali ku Beira. Woti n'kundisungira mwana anali apongozi basi, ndipo anali atakana kwamtuwagalu.

"Mwana mmodzi ndi diso limodzi, aphunzitsi," ankatero. "Likalowa chitsotso mudzayenda bwanji? Berekani kaye, sukulu siwola."

Ndinkapsa mtima mpaka chakudya osalowa, koma apongozi sayankhidwa. Tsiku lotsegulira koleji linkangoyandikira.

Mwezi womwewo kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Kachebere, kunabwera alendo a ku Jeremani kudzaona mjigo umene mpingo wawo unatithandiza kukumba. Mmodzi anali mayi wokalamba, tsitsi lonse mbuu, woyendera ndodo. Ameneyu anakana kukhala pampando ndi azibambo, nabwera kwa ife amayi pamkeka. Poti ndine mphunzitsi, anandisankha kukhala womasulira.

Funso loyamba mukulidziwa kale. "Afunseni ali ndi ana angati."

Anati awiri.

"Aa, pepani!" anatero amayi onse pamodzi, ngati pamaliro.

Mlendoyo anaseka, n'kutulutsa foni kutionetsa chithunzi chakale cha amayi ake, amene anabereka asanu ndi mmodzi. M'khosi mwawo munali kamtanda kolendewera pakansalu. Wina anafunsa ngati inali kolona. Ayi, anatero mlendo, inali mendulo yaboma, ya nthawi ya wolamulira wankhanza wa tindevu uja amene anayambitsa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mayi akabereka ana anayi ankalandira yamkuwa, asanu ndi mmodzi yasiliva, asanu ndi atatu yagolide.

Sindinamalize n'komwe kumasulira. Nthungululu inalira mpaka abambo mfumu anasuzumira pawindo.

"Boma ndi limenelo!" anakuwa mayi wina. "Ife tabereka mpaka msana kupindika, ngakhale sopo sitinamuone!"

Apongozi anga anadzuka, chitenje n'kumangitsa. "Auzeni kuti ine ndi wagolide, ndi mbasela pamwamba!" Anatola chitsekerero cha botolo pansi, n'kuchimata pachifuwa ndi chala, nayamba kuvina mozungulira mkeka. Atafika pa ine anandiloza ndi milomo. "Ena kuno ngakhale yamalata sakanaiona."

Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Koma zinandiwawa zedi.

Nkhope ya mlendo uja inali itafiira. Anandifunsa kuti akusangalalira chiyani. Ndinafuna kumunamiza kuti angokondwa ndi mjigo, koma ndinamuuza zoona. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, zimene ndinene tsopano usachotsepo kanthu."

Amayi ake, anatero, anali mphunzitsi wa masamu. Boma lija litalowa linawachotsa ntchito, ati mkazi wapabanja malo ake ndi kukhitchini ndi kuchikuta. Mendulo sankapatsa aliyense, koma okhawo amene boma linkati magazi awo ndi abwino. Akazi ena, odwala kapena amtundu umene boma linkadana nawo, ankawatseka mokakamiza kuti asabereke, ambiri n'kuphedwa kumene. Ndipo anawo sankawafunira kuti adzasamale makolo. Ankafuna asilikali. Nkhondo ili pafupi kutha, alongo ake awiri a mlendoyo anatengedwa adakali ana asukulu, ndipo sanabwerenso.

Ndinamasulira mawu ndi mawu.

"Ha!" anatero apongozi, atakhala pansi. "Ndiye ankawaweta ngati nkhumba zabizinesi? Auzeni kuti boma lilibe mimba, silidziwa kuwawa kwake." Kenako anandikodola. "Nanga amayi akewo, kuntchito kuja anabwereranso?"

Sanabwerere, anatero mlendo. Nkhondo itatha panali mabwinja ofunika kusesa ndi ana otsala ofunika kudyetsa. Koma mpaka kukalamba, m'mawa uliwonse ankatenga nyuzipepala ndi pensulo yofiira, n'kumachonga zolakwika, pansi n'kulembapo malikisi. Mkonzi wa nyuzipepalayo sanakhozepo ngakhale tsiku limodzi.

Apa amayi anaphulika kuseka, mlendo nayenso akuseka misozi ili mbwembwembwe. Wina anayambitsa nyimbo, tinamumanga chitenje m'chiuno, ndipo gogo wa ku Jeremani uja anavina ndodo ili m'mwamba. Kuvina kwake, abale, kunali ngati munthu akupha nyerere, koma tinamuwombera m'manja mpaka zikhatho kutentha. Apongozi ndi amene anamugwira mkono kuti asagwe.

Pobwerera kunyumba tinadzera njira ya m'minda ya mtedza, ine mwana kumbuyo, apongozi patsogolo. Ine mumtima ndinali nditagonja kale, ndikuganiza mawu oti ndikalembe kukoleji kuti andichotse.

Titafika pakamlatho anaima.

"Sukulu yanu ija mwati ikutsegulidwa liti?"

"Lolemba la mawa lija, amayi."

"Ndiye mwangokhala phee? Sutukesi mwachapa?"

Ndinangoti kukamwa yasa, ngati mwana wa Sitandade 1 amene waiwala dzina lake.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Za ana sindinasinthe, ndikufunabe adzukulu odzaza bwalo. Koma sindikufuna mudzakalambe mukuchonga nyuzipepala m'nyumba ya mwana wanga. Anthu angadzati ine ndiye ndinali boma."

Ndinagwada pomwepo panjira, misozi ikutsika, kuseka kukubweranso. Iwo sanafune n'komwe kumva zikomo wanga. Anazungulira kumbuyo kwanga, n'kumasula mfundo ya mbereko.

"Bweretsani kuno munthuyu," anatero, akuwerama kuti ndiwaikire mwana kumsana. "Tiyambe lero kuzolowerana."