Mulu Wachitatu

Ndinaganiza zopita ku Lusaka tsiku limene mzungu wina anandisiya ndili chilankhulire, nyamalikiti wosema ali m'manja mwanga. Tinali titanenererana kwa nthawi ndithu pa tebulo langa la ziboliboli, m'mbali mwa msewu wopita ku geti ya paki ya nyama zakutchire ku Mfuwe. Ine ndinayambira pa eyiti handiredi, iye pa thu handiredi. Ndinali nditangofika pa gawo limene ndimalikonda kwambiri, lotchula ana anga ndi mtengo wa feteleza, pamene galimoto ya ku loji inaliza hutala. Mzungu anakwera, fumbi linabuka, ine ndinatsala ndi nyamalikiti.

Madzulo ake msuweni wanga Lakisoni anaimba foni. Anati fakitale imene amagwirako ku Lusaka, yopanga majakisoni ndi mapaipi a dripi a m'zipatala, ikufuna anthu. "Malipiro ndi a pamwezi, msuweni. Azungu abwere, asabwere, iwe ukulandira." Aliyense wa kuno ku chigwa akudziwa mmene dzinja limawawira maloji akatseka, msewu n'kusanduka phala. Ndinafuna ntchito imeneyo ndi mtima wonse, kuti nanenso ndikhale bambo amene ana ake amadziwa tsiku limene ndalama imabwera.

"Koma tebulo ndisiyira ndani?" ndinafunsa mkazi wanga, amake Tamala.

"Ndisiyireni ine," anatero.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Amake Tamala ndi munthu amene amagula tomato pa mtengo woyamba, osapempha ngakhale mbasela. Komabe ndinawaphunzitsa: yambirani pamwamba, tsikani pang'onopang'ono ngati mukutsika mumtengo wa minga, wogula akatembenuka muitaneni kawiri. Anangogwedeza mutu, uku akupitiriza kusenda nshawa.

Ku Lusaka ndinafikira m'kachipinda ka Lakisoni ku Chawama, ndipo sukulu inayamba ndisanamasule chikwama. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati mbuzi ya pamsika.

"Ndevuzo zichoke. M'chipinda chopangira majakisoni simuloledwa kugwa ngakhale tsitsi limodzi. Perefyumu ayi. Ndipo ichi n'chiyani?"

Ankaloza chikhadabo changa cha chala chaching'ono, chachitali bwino, chimene ndinachilera zaka zambiri kuti ndizikandira makadi a tokutaimu ya foni.

"Tidule theka," ndinatero.

"Wayamba kale. Chonse."

Kenaka anandiphunzitsa kavalidwe ka kumeneko, chifukwa anati pa intavyu amafuna kuona ngati munthu ukumva malangizo. Choyamba kachipewa ka kumutu, kenaka chophimba pakamwa, kenaka zovala za kumapazi, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, magolovesi pomaliza. Zipangizo zenizeni tinalibe, choncho kumutu ndinkavala pulasitiki ya buledi, kumapazi mapulasitiki a shuga. Ndikasamba m'manja ndinkayenera kuyenda kuchoka pa mpopi mpaka m'chipinda manja ali m'mwamba, osakhudza chitseko, osakhudza nkhope. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mphuno ya munthu imadikira manja akhale oyera kuti iyambe kuyabwa.

Tsiku lina mayi mwini nyumba anandipeza ndikudutsa pabwalo mu yunifomu yangayo, manja m'mwamba, ndikutsegula chitseko ndi thako. Anaima ndi ndowa yawo.

"Ba Lakisoni, m'bale wanu ali bwinobwino? Kuli abusa ena uko amathandiza zotere."

Koma chimene chinkamudetsa nkhawa Lakisoni sichinali manja anga. Ankakhala pa bedi ngati bwana, ine pa chigubu, n'kumandifunsa.

"Mungathe kuimirira maawa eyiti?"

"Eyiti ndi yambiri, bwana. Tinene sikisi, ndiye awiriwo..."

"Wagwa. Tiyambirenso. Mukaona mnzanu walakwitsa, mungatani?"

"Zitengera kuti mnzangayo ndi ndani."

"Wagwa! Msuweni, kumeneko kuli mayankho awiri okha, inde ndi ayi. Pakati palibe munthu."

Ine moyo wanga wonse ndakhala pakati pamenepo. Ndi pamene ndinamangira nyumba.

Kumudzi ndinkatumiza mauthenga a mawu ataliatali, kufotokoza za misewu ya Lusaka ndi mmene chibwano changa chinkazizirira. Amake Tamala ankayankha mwachidule. "Tili bwino. Njovu zinalowa m'munda mwa a Sakala. Tamala wachira chifuwa." Ndikafunsa za malonda ankangoti, "Akuyenda." Ndinkamva chisoni. Ndinkadziwa kuti munthu akayankha mawu amodzi ndiye kuti zinthu zavuta ndipo akuchita manyazi.

Tsiku la intavyu ndinafika zero seveni, ngakhale anati zero eyiti. Tinali ambiri pa benchi, tonse ometa bwino ngati tikupita kukabatizidwa. Amene ankafunsa anali mayi wina wa magalasi, woyang'anira za ubwino wa katundu, wolankhula motsitsa mawu. Mafunso ndinawadutsa lilime ndili chilumire. Inde, madamu. Ayi, madamu. Kavalidwe ndinakhoza, ndipo zovala zenizeni zinali zofewa kuposa pulasitiki ya buledi. Mumtima ndinayamba kale kugula malata.

Ndiye anabweretsa thireyi yodzaza majakisoni opanda singano.

"Abwino muike kumanja, olakwika kumanzere. Musafulumire."

Ndinatsala pang'ono kuvina. Kupeza chilema pa katundu ndiyo ntchito yanga. Munthu amene wagulapo ziboliboli kwa osema amadziwa kuona mng'alu umene mwini wake waubisa ndi polishi. Ndinaona jakisoni wosweka kukamwa, kumanzere. Wina munali kachitsotso mkati, kumanzere. Koma kenaka ndinagwira wina amene manambala ake a m'mbali anali atafufutika pang'ono pokha. Ndinamukankha, ankayenda bwinobwino. Dzanja linapita kumanzere, mtima unakana. Katundu wabwino chotere kumutaya? Ndinamuika pakati. Wina anali ndi kamkwasa kosaoneka n'komwe. Pakati. Wina ankalimba pang'ono pokoka, koma ndi mphamvu ankatheka. Pakati.

Mayi aja atabwera anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenaka anatsitsa magalasi.

"Nanga mulu uwu?"

"Uwu ndi wokambirana, madamu."

"Wokambirana ndi ndani?"

"Ndi wogula." Mawu a Lakisoni ndinkawamva m'mutu akukuwa, koma pakamwa panali patatseguka kale ndipo pankamva kukoma. "Onani uyu. Manambala okha ndiwo afooka, koma thupi lonse ndi lamphamvu. Mukachotsako pang'ono mtengo atuluka lero lomwe. Kapena wogula akatenga bokosi lonse, awa mumuikira mbasela. Kutaya ndi kuluza, madamu."

Mnyamata amene ankayesedwa pa tebulo loyandikana nane anayamba kugwedezeka mapewa pobisa kuseka. Mayi aja sanaseke. Anatola jakisoni uja n'kumuika pafupi ndi maso anga.

"Nesi akamayeza mankhwala a mwana wakhanda amawerenga manambala amenewa. Akawerenga molakwa, mwanayo timuchotsera zingati?"

Ndinaganiza za Tamala pa benchi ya ku kiliniki, dzanja litatambasulidwa. Ndinakankhira mulu wonse kumanzere, koma nthawi inali itatha.

"Maso muli nawo, bambo," anatero. "Zilema mwaziona zonse. Koma m'chipinda chija sindingakulowetseni. Kosungira katundu akufuna wolongedza makatoni, kwa chaka chimodzi. Mukufuna?"

"Inde, madamu," ndinatero. Kenaka, poti munthu sasintha tsiku limodzi, ndinawonjezera kuti, "Chakudya cha masana chilipo?"

Lakisoni sanandilankhule mpaka Lamlungu. Atayamba kulankhula, nkhani inali itafika kale fakitale yonse, ndipo dzina langa linali Ba Wokambirana.

Chaka chimenecho ndinalongedza makatoni. Malipiro ankabweradi pamwezi, koma ankafika atatopa. Lendi inkadyako, minibasi inkadyako, malasha ndi ndiwo, ndipo chotsala ndinkatumiza kumudzi pa foni. Amake Tamala ankayankha kuti, "Mukanasunga, mudyereko nyama." Ndinkati ndi ulemu chabe wa mkazi wabwino.

Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali msana. Katoni siyankha. Ukaiuza kuti yalemera, siitsutsa. Tsiku lonse linkatha osakangana ndi munthu, ndipo ndinkabwerera ku Chawama pakamwa pali dzimbiri. Lamlungu ndinkapita kumsika wa salaula, wa zovala za kaunjika, kukanenerera majekete amene ndinalibe nawo cholinga chogula. Ndinkatsitsa mtengo mpaka wogulitsa avomere, kenaka n'kunena kuti ndibweranso. Mayi wina wogulitsa nsapato anandizindikira. Poti ndine wochokera kum'mawa kwa dziko, ankati akandiona, "Mwabwera, a kumawa? Khalani apa, tikangane, koma musandithamangitsire makasitomala." Ku Lusaka konse, ameneyo ndiye anali ngati m'bale.

Kontirakiti itatha sanawonjezere. Ndinakwera basi ya ku Chipata, kenaka ya ku Mfuwe, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu otonthoza mkazi wanga. Ndinkati ndimuuza kuti asadandaule, malonda si a aliyense, mwini wake wabwera.

Nditatsika ndinadutsa malo anga osawazindikira. Panalibe tebulo. Panali kashopu ka malata, mashelefu atatu, ndipo chiboliboli chilichonse chinali ndi kapepala pakhosi kolembedwa mtengo. Njovu, mvuu, nyamalikiti, zonse zitavala mitengo ngati za mu supamaketi. Ndisanapereke n'komwe moni, galimoto ya ku loji inaima. Alendo anatsika. Mayi wina ananyamula mvuu, anawerenga kapepala, anapereka ndalama, amake Tamala anati zikomo. Basi. Popanda kutchula mwana ngakhale mmodzi. Galimoto isananyamuke inafika ina.

Sindinapirire. Bambo wina atagwira njovu ndinalumphira. "Bwana, kwa inu nokha, mtengo wapadera..."

"Atate ake Tamala," anatero mkazi wanga osakweza mawu, "mwayenda bwanji? Khalani apo, mwatopa ndi ulendo."

Ndinakhala. Dalaivala wa galimotoyo, mwana wa bambo Zulu, sikauti wolondera nyama ku paki, mnyamata amene ndinamuona akukula, anabwera kudzandipatsa moni.

"Mwabwera, amalume? Musakhumudwe, koma kale tikafika apa tinkaponda mafuta. Mlendo akatsika pa inu, ndege imamusiya. Pano timaima tonse, amayi sachedwetsa."

"Tonse?"

"Tonse. Tinauzana."

Ndiye kuti zaka zonsezo, magalimoto amene ndinkati akuthamangira nyama ankathawa ine. Ndalama zimene ndinkatumiza kuchokera ku Lusaka ndinazipeza zonse zili mu foni ya mkazi wanga, zosakhudzidwa. Fizi ya ana inali yolipira, ndipo dzinja analidutsa ndi zimene anasunga m'chilimwe.

Alendo atachoka, amake Tamala anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane, manja pa maondo.

"Ndamva kuti mukufuna ntchito."

"Pa shopu yanga?"

"Ilipo ya kukulunga katundu m'nyuzipepala. Akuti ku Lusaka munaphunzira kulongedza. Mungathe kukhala chete kasitomala akamasankha?"

"Chete wa mtundu wanji? Chifukwa pali chete wina..."

"Inde kapena ayi?"

Ndinayang'ana kumsewu. Mlamu wanga Yona, amene sanagwirepo ntchito chibadwire, anali atatsamira njinga yake pa mtengo wa msikizi, akumvetsera, ndipo anakweza dzanja kusonyeza kuti iye angathe.

"Inde," ndinatero msanga.

Mpaka lero ndimakulunga. Ndimakulunga bwino kwambiri, nyamalikiti amafika kwawo kwa azungu khosi lili lonse. Kasitomala akandifunsa mtengo ndimaloza kapepala. Pakamwa panga abwana amapatsegula Lachiwiri lokha, osema a ku Mnkhanya akabwera ndi katundu pa njinga. Akaona kuti wogula lero ndi ine, amatsitsa matumba, kupempha madzi akumwa, n'kufunafuna mthunzi.