Nyumba 363 za Aphunzitsi Mulipa

Kunja kusanayere bwino, a Elliam Mulipa ankakhala atatsika kale kudimba. Ankayamba ndi pemphero la Atate Athu ali chiimire pambali pa chitsime, kenaka n'kunyamula makeni awiri, mzere ndi mzere, kuthirira mbatata yawo yofiira m'kati pamene minda yonse ya kwa Kalembo inali itauma gwa ndi dzuwa la Okutobala. Akamaliza ankazungulira mpanda wa minga. Akangopeza mapazi a mbuzi m'kati, tsiku limenelo mudzi wonse unkamva dzina la mwini mbuzi, dzina la amayi ake, ndi kalasi imene anasiyira sukulu.

Anthu sankawakonda, ndipo iwo sankavutika nazo. Anabadwira ku Nsanama, m'banja la Akatolika limene makolo ake anachokera ku Mozambique. Anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu pa sekondale yoyendera, ndipo ana ambiri amene anadutsa m'manja mwawo amakumbukira mawu amodzi okha: “Mutu umenewu ndi dzungu.” Kwa Kalembo anabwera chikamwini atakwatira a Anastasia, namanga nyumba pa malo a mbumba ya mkazi wawo. Ku mapemphero a mphakati, wotsogolera akanena kuti tasonkhana anthu makumi anayi, a Elliam ankakweza dzanja kuti iyayi, tilipo 37, ndipo kunama pamaso pa Mulungu sikuyamba ndi zazikulu. A Anastasia ndiwo ankatsalira m'mbuyo kupepesa. Mwana Mulungu sanawapatse.

Atapuma ntchito, mlangizi wina wa zaulimi anawapatsa mtolo umodzi wa mbewu ya mbatata yofiira m'kati. Anaubzala m'dimba la a Anastasia, ndipo kholowa atayanga, a Elliam anaitana akazi atatu a m'mudzimo n'kuwapatsa mtolomtolo, ndi lamulo limodzi. Aliyense wolandira, chaka chotsatira apatse nyumba zitatu. Zitatuzo nazo zipatse zitatuzitatu. Wina mbewu ikamuumira m'chilimwe, abwere adzadule kudimba, chifukwa kumeneko siifa.

Iwo eni sankayenda m'makomo kukaona. Akanalowa pakhomo pa yani osayambana naye? Woyenda anali a Anastasia. Akabwerako, a Elliam ankafunsa kuti, “Apatsana?” Iwo n'kuyankha kuti, “Apatsana, bambo.” Zikatero a Elliam ankalemba nambala ya nyumba za chaka chimenecho kuseri kwa kalendala ya tchalitchi, n'kuweramitsa mutu ngati munthu amene wangolandira Ukaristia.

Chaka chachisanu chitatha, a Anastasia anadwala miyezi iwiri n'kumwalira.

Kuno mkazi akatsogola, mwamuna wobwera chikamwini amasudzulidwa, kubwerera kwawo, chifukwa nyumba ndi munda n'za mbumba ya mkazi. Amene ali ndi ana nthawi zambiri amatsala, ana amawatchinjiriza. A Elliam analibe wowatchinjiriza. Anali ndi zaka 66, ku Nsanama anachokako ali mnyamata, ndipo china chilichonse chimene ankachidziwa m'mawa uliwonse chinali m'dimba lija.

Patatha chaka, a Walter anawaitana. A Walter anali mchimwene wa malemuwo, mwini mbumba, munthu amene moyo wake wonse anapalasa njinga kupita ku Chiuta kukatenga nsomba zouma. Tsiku lina kalekale a Elliam anawaseka pagulu chifukwa cholephera kuwerenga kalata ya kuchipatala, ndipo a Walter sanaiwale. Pabwalo pawo m'mawa umenewo panakhala akazi a mbumba yonse pamphasa, patsogolo pawo a Dailesi, mng'ono wa a Anastasia, amene dimba linali kudzagwera m'manja mwawo.

“Alamu,” anayamba a Walter, “maliro tinalira, chaka chakwana. Ife tikuti zikomo, munatisungira mlongo wathu. Njira ya ku Nsanama mukuidziwa.”

“Ndikuidziwa,” anatero a Elliam. “Ndikufunsa za dimba. Alisamala ndani?”

“Lili ndi eni ake,” anayankha a Dailesi osawayang'ana.

“Eni ake a dimba lija tsopano ndi nyumba 363. Mukandichotsa ine, mwachotsa mbewu ya nyumba 363. Inu a Dailesi mungadzuke m'mawa uliwonse ndi keni? Chitsime chija mumachidziwa pa tsiku lochapa lokha.”

Akazi aja anang'ung'udza. A Elliam anatola kamtengo, nagwada movutikira, n'kulemba pansi: 3, 9, 27, 81, 243.

“Chaka choyamba nyumba zitatu. Chachiwiri zisanu ndi zinayi. Chaka chilichonse kuchulukitsa katatu. Musavutike kuphatikiza imodziimodzi, mungagone pano. Mzere wonsewu uchulukitseni katatu. 3 asanduka 9, 9 asanduka 27, mpaka 243 asanduka 729.” Analemba mzere wachiwiri pansi pa woyamba. “Onani. Mizere iwiriyi ikufanana paliponse, kungoti watsopanowu uli ndi 729 kumapeto, wakalewu uli ndi 3 koyambirira. Chotsani 3 pa 729, mutsala ndi 726. Katatu kuchotsapo kamodzi ndi kawiri, ndiye 726 ameneyu ndi yankho lathu kawiri. Gawani pakati. 363. Amene akukana abwere adzandionetse pomwe ndalakwa.”

Anaimirira n'kusasa fumbi pa mawondo. Kwa kanthawi anamva ngati ali m'kalasi, ana onse atagonja.

A Walter anayang'ana manambala aja nthawi yaitali, kenaka anaseka.

“Alamu, ine sukulu ndinasiyira Sitandade 3, munalengeza nokha. Koma mudzi uno ndimaudziwa. Ngakhale tiwerenge makola a nkhumba ndi zimbudzi zomwe, 363 sitifika.”

“Mbewu yapita midzi ina.”

“Iti? Ine ndimapalasa njinga midzi yonseyi. Mbatata yanuyo ndimaiona pano pokha.”

“Munthu woyang'ana dengu la nsomba angaone mbatata?”

“Achimwene, asiyeni, ndiwauze ine,” anatero a Dailesi, ndipo tsopano anawayang'ana a Elliam m'maso. “Ine ndinali mmodzi mwa atatu oyamba aja. Chaka chitakwana ndinapatsa mwana wanga, mng'ono wathu wotsiriza, ndi mwana wa amayi aang'ono. Mumafuna ndikapatse wa kutsidya kwa msewu pomwe mwana wanga alibe? Iwowo chaka chawo chitakwana anapatsa yani? Abale awo. Abale awo ndi ndani? Ndife tomwe. Ine mtolo ndaulandira kanayi, alamu. Kanayi! Mwandiwerenga kanayi pa dothi lanulo?”

“Lamulo linali loti nyumba zatsopano.”

“Munati nyumba zitatu. Tinapereka zitatu, sitinabe. Amene anali nayo kale, kholowayo ankathyola n'kuphika ndiwo. Inali yokoma, zikomo.”

Akazi anaseka, ena akuwomba m'manja.

“Tchulani,” anatero. “Tchulani nyumba iliyonse imene ili ndi mbewu yanga.”

Anatchula. A Elliam anagwadanso, akulemba kamzere pa dzina lililonse. Dzina likabwerezedwa ankakweza dzanja, osalemba. Sanabere ngakhale kamodzi, pakuti pa nkhani ya manambala munthuyu anali woona mtima mpaka kudzipweteka. Maina anayamba kubwera pang'onopang'ono, kenaka anatha. Zinaoneka kuti akazi awiri ena oyamba aja nawo anangoizunguliza mbewuyo, aliyense m'mbumba yake. A Elliam anawerenga timizere tija kawiri.

Timizereto tinali 24.

“Masamu sanalakwe,” anatero motsitsa mawu. “Mwalakwa ndinu. Mwatenga chinthu choti chifike ku Ulongwe mpaka ku Liwonde, mwachizunguliza m'miphika yanu ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Mitu ya maungu, nonsenu.”

“Maungu omwewo akudyetsani zaka makumi anayi,” anatero a Walter. Kuseka kunali kutawathera. “Kuchulukitsa mumakudziwa pa dothi pokha, alamu. M'nyumba ya mlongo wanga munachulukitsamo chiyani?”

Mayi wina wachikulire anati, “Iyayi, a Walter, zimenezo ayi,” koma mawu anali atatuluka kale.

A Elliam anati, “Anastasia ankayenda m'makomo. Ankandiuza kuti apatsana.”

“Sanakunamizeni,” anatero a Dailesi. “Tinkapatsanadi. Koma ankadziwa kuti ikungozungulira. Anatipempha okha kuti tisakuuzeni, ati bambowa ali ndi chinthu chimodzi chokha chowasangalatsa. Ife takhala chete zaka zonsezi chifukwa cha iwo, osati chifukwa cha inu.”

Apa ndi pamene a Elliam anagonja. Sanatukwanenso munthu. Anafufuta ndi phazi mizere iwiri ya manambala ija, koma timizere 24 tija anatisiya, nauyamba wa kunyumba. Mawa lake anathirira dimba monga mwa masiku onse. Anathiriranso mkuja wake, ndi tsiku lina lotsatira, mpaka Loweruka limene a Walter anawaikira kuti achoke.

Ananyamula sutikesi, mabuku awiri a masamu ndi mtanda wa pakhoma. Makeni anati atenge, a Dailesi anati ndi a dimba. Mbewu sanadule, chifukwa unali mwezi wouma ndipo ku Nsanama analibe poibzala, komanso sakanalola kuti wina adzanene kuti mkamwini anachoka ataba. Palibe anawaperekeza kumsewu.

Lero amakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya Lukiya, mwana wa mlongo wawo, pafupi ndi msika wa Nsanama. Amadzukabe kusanayere, amanena Atate Athu, kenaka amakhala pakhonde manja ali pa mawondo. Ukali sunawathere. Anayambana kale ndi oimba kwaya pa nkhani ya nambala ya nyimbo, ndipo ana a Lukiya akamva akutsokomola amabisa makope awo. Kwa Kalembo a Dailesi anabzala tomato theka la dimba, theka linalo anasiyamo mbatata, ndipo amathirira ndithu m'mawa uliwonse, mwina pofuna kutsutsa mawu a alamu awo aja. Nyumba 24 zija zikudya mbatata yofiira m'kati mpaka pano. Zimenezi a Elliam anazimva kwa anthu a pamsika.

Mvula yoyamba itayandikira chaka chimene anasamukacho, analemba kalata n'kupatsa wogulitsa nsomba wina wodziwana ndi a Walter. Analemba zilembo zazikuluzikulu kuti aliyense athe kuwerengera a Walter mosavuta.

“Alamu a Walter, ndi alamu a Dailesi. Za nyumba ndi dimba sindikunenanso. Lukiya wandipatsa mizere isanu kuseri kwa bafa, madzi amafikako. Ndapeza nyumba zitatu zosakhala pachibale ngakhale pang'ono: ya a Zubairu osoka nsapato, ya mayi wina wa mpingo wathu, ndi ya mlonda wa pamsika wochokera ku Ntaja. Ndawafunsa za agogo awo onse, sakukumana paliponse. Mbewu ina ndikhoza kuipeza kwa alangizi, koma ndikufuna ya m'dimba limene Anastasia ankapalira. Ndikupempha mtolo umodzi. Muukulunge m'thumba lonyowa, mupatse munthu yemweyu.”

Wansomba uja akuti kalata anaipereka m'manja mwa a Walter, ndipo anaona a Dailesi akuiwerenga. Nyengo za mvula zadutsa zitatu chilembereni, mtolo sunafike. Mizere isanu ija a Elliam amaiunda chaka chilichonse, ndipo salola Lukiya kubzalapo china.