Ndinapha amayi anga ndi bolopeni

Inu owerenga, ine ndinapha amayi anga ondibereka. Musathamangire kupolisi, ali moyo, ndipo pamene ndikulemba pano ali kuseri kwa nyumba akukalipira mbuzi. Ndinawapha papepala, ndi bolopeni ya buluu, pofuna kupambana mpikisano wolemba nkhani. Zimene zinandionekera pambuyo pake ndikuuzani zonse osabisa, kuti wina asadzaponde pomwe ndinaterereka ine.

Kwathu ndi kufupi ndi Malomo, m'boma la Ntchisi. Bambo anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ine ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero sanabwerere. Amayi, aNaphiri, ndiwo anatilera ine ndi mlongo wanga. Anatilera ndi khasu, ndi ganyu wosankha fodya wa eni, ndi mtedza. Sitinali olemera, komanso bodza ndi loipa, sitinali ogona ndi njala chaka chonse. Tinali ndi mbuzi zingapo, wailesi, ndi nyumba ya njerwa yofolera ndi malata.

Malata amenewo muwakumbuke. Amayi amawanyadira kuposa mmene amatinyadira ife ana awo. Mvula ikangoyamba, kaya mukudya, kaya muli pakati pa pemphero, amakweza chala n'kunena kuti, "Takhalani chete timve malata!" Ngakhale alendo ankakhala chete n'kumamvera. Ine ndinkaona ngati ndi uchimidzi wawo basi, ndipo sindinafunsepo kuti malatawo anabwera bwanji.

Kusekondale ndinkakonda mabuku a nkhani, ndipo nditamaliza folomu 4 n'kukhala pakhomo ndinkadzitcha mlembi. M'mabuku amene ndinkawerengawo ndinaona chinthu chimodzi. M'mphawi wa m'buku amakhala m'mphawi weniweni. Makolo amafa tsamba loyamba, achibale amalanda katundu tsamba lachiwiri, bwana wamimba amamuthamangitsa pageti tsamba lachitatu. Anthu apakatikati ngati ife, okhala ndi mbuzi ndi wailesi, m'mabuku mulibemo. Ndiye pamene bungwe lina la ku Lilongwe linalengeza pawailesi mpikisano wa nkhani zoona za mavuto a m'banja, mphoto yake laputopu, ndinati nthawi yanga yakwana.

Poyamba ndinalemba zoona. Nditawerenga, ndinayasamula ndekha. Zinali ngati ndiwo zopanda mchere: kulima, kupalira, kukolola, basi. Ndinadzifunsa kuti anthu a m'tauni, okhala m'maofesi ozizira, angalire ndi zimenezi? Ndiye ndinayamba kuthira mchere. Mbuzi ndinazipha zonse ndi matenda. Wailesi ndinaichotsa. Malata ndinasasula, n'kufolera nyumba ndi udzu wovunda wodontha paliponse. Nditaona kuti misozi sinakwanebe, patsamba lachitatu ndinagoneka amayi pamphasa yong'ambika, mvula ikuwadonthera kumaso, n'kuwapha ndi chifuwa. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi amene amakhala ku Chisepo, munthu amene anandigulira yunifolomu yoyamba ya sekondale, ndinawasandutsa chilombo chobwera kudzalanda ngakhale mipando ya maliro. Uchitsiru waukulu ndi wakuti mayina sindinasinthe, ndipo mudzi ndinalemba wathu womwewu. Ndinkati kodi kumudzi kuno ndani amawerenga za ku Lilongwe?

Patapita miyezi iwiri foni yanga inalira. Anali mayi wina wa kubungwe kuja, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi chizungu. Anandiuza kuti ndapambana, kuti oweruza onse analira, kenaka anandifunsa ngati zonsezi zinandichitikiradi. Inu owerenga, pamenepo mpata wolapa unalipo. Amayi anali poteropo, akupeta mtedza, amoyo ndi athanzi kuposa ine. Ndinawayang'ana, ndinaganiza za laputopu, n'kutembenukira kukhoma ndi kunena motsitsa mawu kuti, "Ee madamu, zonse ndi zoona." Mayiyo anapumira m'mwamba. Anati nkhaniyo iwerengedwa pawailesi Lamulungu masana, ndipo Lachitatu abwera okha kudzandipatsa mphoto ndi kujambula nyumba yodonthayo.

Nzeru zanga zonse zinathera pa kuchotsa mabatire mu wailesi ya amayi Lamulungu m'mawa tisanapite ku Misa. Ndinaiwala kuti wailesi m'dziko muno si imodzi. Za nyumba ndinakonza zodzawachingamira alendowo pa Malomo n'kuwatengera ku chigafa chakale cha fodya kumunda kwathu, kuti akajambule chimenecho.

Lolemba chakumasana tinamva kulira kuchokera kumsewu. Anali atsibweni a ku Chisepo ndi akazi awo. Iwo anamva nkhaniyo pagolosale ina, ndipo anangoimva pakati, pomwe wowerenga ankati aNaphiri a mudzi wakutiwakuti anatsirizika mvula ikuwadonthera. Sanadikire kumva zina. M'mawa mwake anasiya fodya wawo ali pakati posankha, anakwera minibasi ziwiri ndi njinga ya kabaza, ndipo analowa m'mudzi manja ali kumutu, akulira motchula dzina la mlongo wawo. Atafika pabwalo anapeza malemuwo atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akuswa mtedza.

Atsibweni anaima chilili, kukamwa kuli yasa. Akazi awo anaponya thumba la ufa wa pamaliro n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi nawonso ataona mlongo wawo akulira anayamba kulira, akufunsa kuti wamwalira ndani. Atsibweni anati, "Iweyo!" Amayi anasiya kulira, n'kufunsa kuti, "Liti?"

Apo n'kuti mudzi wonse utasonkhana, chifukwa ambiri anali atamva dzulo lake ndipo ankangodikira kuti chiphulike. Adzukulu, anthu okumba manda aja amene mwambo umawalola kuchita nthabwala ngakhale pamaliro, anafika ndi makasu paphewa. Anagwada pamaso pa amayi mwaulemu wonse, n'kudandaula kuti maliro anachitika osawauza, choncho nkhuku yawo ya kumanda ikadalipo ndipo aifuna lero. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinayesa kuzemba cha kuchimbudzi, koma mlongo wanga anandigwira malaya.

Amayi sadziwa kuwerenga. Anandituma kuti ndikatenge kope langa momwe munali nkhaniyo, anandikhazika pampando pakati pa bwalo, n'kunena kuti ndiwerenge zonse mokweza, osadumpha liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa mlongo wanga aima kumbuyo kwanga kuti azitsatira. Ndakhalapo m'mayeso ovuta, koma ngati amenewo ayi. Nditawerenga za mbuzi zakufa, amayi anangoyang'ana kukhola. Nditafika pa atsibweni olanda mipando, atsibweni anadzuka n'kufunsa anthu kuti mipando yake iti, pakuti mpando womwe ndakhalirawo anakhoma ndi iwowo. Za imfa yawo ija amayi sanagwedezeke nazo n'komwe. Anangoti ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ndiwerengenso pomwe ndanena za denga.

Ndinawerenganso: udzu wovunda, wodontha paliponse.

"Za kundipha sindikudandaula," anatero amayi. "Tonse tidzafa. Koma iwe wauza dziko lonse la Malawi kuti ine ndinafera m'nyumba yodontha?"

Anthu anasekanso, koma ine ndinaona kuti amayi sakuseka. Analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo ndi lotsatira lake sanandilankhule. Ndinawapempha kudzera mwa mlongo wanga kuti alendo akabwera iwo akakhale kaye kwa anzawo. Yankho linabwera loti malemu sachoka pakhomo pawo.

Lachitatu ndinalawirira pa Malomo kukadikira galimoto. Ndinadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo, osadziwa kuti alendowo adzera njira ina ndipo afunsa kale ana a sukulu kuti kwa mnyamata wamasiye wolemba nkhani ndi kuti. Nditabwerera ndinapeza galimoto yoyera itaima pabwalo pathu. Mayi wa pafoni uja ndi mnzake wonyamula kamera anali atakhala pamipando yomwe atsibweni analanda m'nkhani muja, akumwa thobwa. Patsogolo pawo panali amayi, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku latsopano. Nditangotulukira ndinawamva akunena kuti, "Takulandirani alendo. Ine ndine malemu aNaphiri."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mayi wa ku Lilongwe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Amayi anatenga mtengo wothotholera mango, anawatsogolera alendowo kuzungulira nyumba yonse, akugogoda lata lililonse kuti amve kulira kwake. Anauza wa kamera kuti ajambule bwinobwino, ndipo akapeza pamene pakudontha awaonetse.

Kenaka anafotokoza mmene malatawo anabwerera, nkhani imene ine mwana wawo ndinali ndisanaimvepo chifukwa sindinafunse. Chaka chimene bambo anachoka, nyumba yathu inalidi ya udzu, ndipo ine ndinadwala chibayo chifukwa chogona ponyowa. Amayi analumbira kuti mwana wawo sadzadonthedwanso. Anasankha fodya wa anthu nyengo zinayi, zala zikuda ndi utomoni, chifuwa chikuwawa ndi fumbi. Akapeza kangachepe ankapita pa Malomo kukagula malata awiri, n'kuwasenza pamutu kukwera nawo zitunda zonse zija, chifukwa ngolo inali yodula. Ankawabisa pansi pa bedi mpaka atakwana. Tsiku lina mphepo inawomba malata ali pamutu, inawazunguza n'kukawagwetsera m'munda wa chimanga wa munthu. Anati chimene anayamba kuyang'ana atadzuka sichinali bondo lomwe linkatuluka magazi, koma ngati lata lapindika. Pamenepo anakweza chitenje pang'ono n'kuonetsa alendowo chipsera. Wa kamera, amene ankaseka za mphepo ija, anatsitsa kamera yake.

Mayi uja anandifunsa chifukwa chimene sindinalembe zimenezi. Anandiuza mwaulemu kuti mpikisano unali wa nkhani zoona, choncho mphoto ipita kwa amene anali wachiwiri. Laputopu ndinangoiona katoni yake pampando wakumbuyo wa galimoto. Amayi anawapatsa alendowo lichero la mtedza, ndipo galimoto inanyamuka ana akuithamangira.

Titatsala awiri pakhonde, ndinagwada n'kupepesa. Amayi anati, "Ine ndinasenza malata kuti iwe usadzakhale mwana wa m'nyumba yodontha. Iwe waphunzira sukulu, n'kukauza anthu a m'tauni kuti ndinalephera. Kodi mavuto amene ndinaona ine anakuchepera?" Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya ndi mtengo wa mango uja.

Lero papita zaka ziwiri. M'mudzi dzina langa lenileni anaiwala, amanditcha Wamasiye. Atsibweni akabwera amayamba afunsa ngati angakhale pampando kapena ndikawalembanso. Adzukulu nkhuku yawo anailandira ndithu, ndipo inali yanga. Amayi anandikhululukira, timadya limodzi, timaseka, ngakhale ndikawapempha kuti andichapire malaya amandiyankha kuti malemu sachapa.

Inu owerenga, makamaka inu achinyamata amene mukufuna kulemba, mverani ine amene zinandichitikira. Musakongoletse umphawi wa kwanu kuti anthu olemera akumvereni chisoni, ndipo musaone ngati banja lanu silikwana kulowa m'buku chifukwa simunafe munthu. Musanagwire bolopeni, khalani pansi muwafunse makolo anu kuti mpando, mbuzi kapena denga la pakhomo panu zinabwera bwanji. Ine nkhani yabwino ndinkagona pansi pake tsiku ndi tsiku, koma ndinapita kukabwereka maliro a m'mabuku.

Laputopu sindiidandaula. Chimene chimandipweteka ndi ichi: mvula ikayamba masiku ano, amayi amakwezabe chala n'kuuza ana a mlongo wanga kuti akhale chete amve malata. Amawatchula mayina mmodzimmodzi. Ine ndimakhala pomwepo, ndimakhala chete kuposa onse, koma chichitikireni zija sananditchulepo.